Kudya ndi Kuona Malo pa Tchuthi cha ku Nyanja: Kuchokera ku Mangochi Kukafika ku Cape Maclear

Chaka ndi chaka, sukulu zikatsekera ndiponso nyengo ya Khirisimasi ikayandikira, mabasi ndi magalimoto ambiri amalunjika ku gombe la Nyanja ya Malaŵi. Kale anthu ankayesa kuti kupita ku nyanja kukapuma ndi mwambo wa azungu okha, koma masiku ano magulu a mipingo, ana a sukulu, ogwira ntchito m'maofesi ndi mabanja ochokera m'maboma osiyanasiyana amasonkha ndalama nakacheza kumeneko. Ambiri amanyamuka ndi zolinga ziwiri, ndizo kukadya chambo chongovuulidwa kumene ndi kukaona malo amene amangowamva pa wailesi. Nkhani ino ikulongosola zimene mlendo angaone ndi kudya pa gombe la pakati pa Mangochi ndi Cape Maclear, ndiponso mmene nsomba imene iye asankha kudya imakhudzira nyanja imene wadzera.

Nyanja ya Malaŵi ndi yachitatu pa kukula mu Africa, kutsatira Victoria ndi Tanganyika. M'litali mwake ndi makilomita pafupifupi 580, ndipo cha kumpoto kuya kwake kumafika mamita 700. Mitsinje yothira m'nyanjayi ndi yambiri, koma wotulukamo ndi umodzi wokha, ndiwo Shire, umene umadutsa pa tauni ya Mangochi usanalowe m'nyanja yaing'ono ya Malombe. Motero mlendo wochokera ku Blantyre kapena ku Zomba kudzera ku Liwonde amayambira kuona malo pa Mangochi pomwepo.

Tauniyi inkatchedwa Fort Johnston pa nthawi ya atsamunda, potengera dzina la Harry Johnston. Idamangidwa m'zaka za m'ma 1890 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo amene ankaoloka Shire. Pafupi ndi mlatho pali nsanja ya wotchi imene idamangidwa m'chaka cha 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mfuti yaikulu ya m'sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, sitimayi idaombera ndi kuononga sitima ya Ajeremani yotchedwa Hermann von Wissmann pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Pomwepo palinso chikumbutso cha anthu 145 amene adafa pamene sitima ya Vipya idamira ndi namondwe m'chaka cha 1946. Mlendo wofuna kukwera boti achita bwino kuyamba waima pa chikumbutsochi, pakuti chimaphunzitsa kuti nyanjayi siyoseweretsa.

Kuchoka pa Mangochi, mseu umalowera kumpoto pakati pa milambe ndi migwalangwa, kudutsa Nkopola ndi Makokola kumene kuli mahotela otchuka, mpaka ku Monkey Bay. Pa Monkey Bay ndi pa doko la Ilala, sitima imene idapangidwa ku Scotland, nibwera m'zidutswa, ndi kuyamba kuyenda pa nyanjayi m'chaka cha 1951. Munthu asanafike pa dokoli pali mphambano ya mseu wokhotakhota wopita ku Cape Maclear. M'mbali mwa mseu umenewu muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lokhala ndi mizere yofanana ndi mphini zotema pa nkhope. Mizereyi sidasemedwe ndi munthu, koma idadza chifukwa cha kuperepeseka kwa mwalawo pa zaka zambirimbiri.

Eni ake a malo a Cape Maclear amatchula mudzi wao kuti Chembe. Dzina lachizungulo adapereka ndi David Livingstone, amene adafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi wa ku Cape Town. Mu Okutobala 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi mwa iwo Dr Robert Laws, adakocheza pamenepa ndi sitima yoyamba yotchedwa Ilala, nakhazikitsa mishoni ya Livingstonia. Malungo adawasautsa koopsa, kotero kuti m'chaka cha 1881, chaka chimene adabatiza Mkhristu wao woyamba, Albert Namalambe, adasamukira ku Bandawe, ndipo m'chaka cha 1894 adakwera phiri la Khondowe kumene Livingstonia ili lero. Manda a amishoni amene adatsala pa Cape Maclear alipobe m'tsinde mwa phiri. Udzudzu umene udawathamangitsa nawonso ulipobe, choncho mlendo wogona ku nyanja asaiwale neti.

Chokopa chachikulu cha malo amenewa chili m'madzi. Nyanja ya Malaŵi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse pa dziko lapansi, ndipo yambiri mwa iyo sipezeka kwina kulikonse. Pofuna kuteteza chuma chimenechi, m'chaka cha 1980 Boma lidakhazikitsa malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO lidawaika m'kaundula wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse. Pa Otter Point ndiponso m'mbali mwa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo madzi ndi oyera mbee, kotero kuti munthu amaona mbuna, tinsomba tobiriwira, tachikasu ndi tamizeremizere tokhala m'miyala. Oyendetsa maboti amaimba mluzu naponya nsomba pamadzi, ndipo nkhwazi, mbalame imene ili pa chizindikiro cha dziko la Malaŵi, imatsika mumtengo ndi kuikwatula alendo akuona. Komatu m'miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu. Mlendo wanzeru amafunsa za chovala choyandamitsa munthu pamadzi asanakwere boti, amakana boti lodzaza mopitirira muyeso, ndipo amamvera eni nyanja akanena kuti lero sikoyenda.

Tsono za chakudya. Pa gombeli malo odyera ali m'magulu atatu. Pali mahotela, kumene chambo amachiotcha kapena kuchikazinga nachipereka ndi tchipisi kapena mpunga. Pali malesitilanti ang'onoang'ono a m'misika, kumene nsomba imadza ndi nsima ndi masamba pa mtengo wotsikirapo. Ndiponso pali ogulitsa pa chiwaya m'mbali mwa mseu. Paliponse pa malo amenewa ndi bwino kufunsa mtengo chakudya chisanaphikidwe, pakuti nsomba amaigulitsa molingana ndi kukula kwake, ndipo akulu adati safunsa adadya phula. Nsomba yabwino imadziwika ndi maso owala, mnofu wolimba wosabonyoka poudina ndi chala, ndi kufiira kwa m'mbali mwa mutu momwe imapumira. Mlendo akumbukirenso kuti anthu ambiri a m'boma la Mangochi ndi Ayao achisilamu. Choncho m'malo ambiri odyera simupezeka nyama ya nkhumba, ndipo chovala chosambira nacho m'nyanja sichiyenera kulowa nacho m'mudzi kapena mumsika.

Anthu ambiri amayesa kuti nsomba ya ku nyanja ndi chambo chokha, pamene nyanjayi imapereka ndiwo zamitundumitundu. Kampango ndi nsomba yaikulu yopanda mamba, ya mnofu wambiri ndi minga yochepa, yokoma pootcha ngakhalenso powamba. Mcheni ndi nsomba yaitali yamafuta. Utaka ndi usipa ndizo ndiwo za tsiku ndi tsiku za anthu a ku gombe. Usipa amaupha usiku ndi khoka la chilimira ataukopa ndi nyali, ndipo nyali zimenezi ndizo mlendo amaziona zitandandalika pa nyanja ngati mudzi woyandama. M'mawa amayi amauyanika pa matandala, wina naufutsa, ndipo wauwisi wophikidwa ndi tomato ndi anyezi ndi ndiwo imene wa kumtunda saipeza kawirikawiri.

Kudziwa nsomba zinazi ndi kofunika chifukwa chambo chili pa mavuto. Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga, chachikazi nichiikira mazira, kenaka nkuwatola ndi kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Ngakhale ana ataswa, amathawirabe m'kamwa mwa mai wao pakaoneka choopsa. Motero khoka likakola chambo chimodzi chachikazi pa nyengo yoswana, limapha ana ambirimbiri nthawi imodzi. Ana a chambo, amene amatchedwa kasawala, amakulira m'madzi osaya a m'mbali mwa gombe, momwemo mmene makoka a maso aang'ono ndi maneti a udzudzu amakokedwa. M'chaka cha 2018 bungwe loona za chilengedwe pa dziko lonse la IUCN lidalengeza kuti mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu yakuti ingathe kutheratu.

Pa chifukwa chimenechi Boma limatseka usodzi wa makoka ku chigawo cha kumwera kwa nyanjayi kuyambira mwezi wa Novembala, ndipo lamulo limaletsa kupha chambo chosakwana masentimita 15. Vuto ndi lakuti nyengo yoswana imakumana ndi nyengo ya Khirisimasi, pamene alendo amachuluka ndipo aliyense amafuna chambo choti amangirire pa galasi la galimoto pobwerera kwao. Msodzi amaphwanya lamulo chifukwa akudziwa kuti wogula alipo. Mlendo amene akana kasawala, nasankha usipa kapena nsomba zoweta monga makumba pa nyengo imeneyi, amathandiza kuposa mmene angaganizire. Kuti kupumitsa nyanja kumapindulitsa zidaoneka pa chilumba cha Mbenji m'boma la Salima, kumene mafumu a Makanjira akhala akutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira zaka za m'ma 1950, ndipo asodzi amakhamukirako chilumbacho chikatsekulidwa chifukwa nsomba zake zimakhala zambiri ndi zazikulu.

Kutha kwa nsomba kumakhudzanso thanzi la wosambira. Matenda a likodzo amafala kudzera mu nkhono zam'madzi. Munthu wodwala akakodza m'nyanja, mazira a tizilombo amaswa nalowa mu nkhono, ndipo tizilombo totuluka mu nkhonomo timaboola khungu la munthu wina amene ali m'madzi. M'nyanjayi muli nsomba zimene chakudya chake ndi nkhono. Ofufuza amene adagwira ntchito pa Cape Maclear adapeza kuti nsomba zoterezi zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali mwa gombe, nkhono zidachuluka, likodzo nalo lidakula. Choncho mlendo apewe kusamba pa malo a bango ndi udzu kapena pafupi ndi pochapira, pakuti m'bango mumabisalanso ng'ona ndi mvuu. Amene wasambira apite kuchipatala patapita miyezi iwiri kapena itatu kukayezetsa, ngakhale asanaone magazi m'mikodzo, chifukwa mankhwala a praziquantel amachiza matendawa. Madzi a m'nyanja, ngakhale aoneke oyera, sayenera kumwedwa osawiritsa kapena osathira mankhwala. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'Malaŵi, udasautsa kwambiri maboma a m'mphepete mwa nyanja.

Akulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wodzacheza amakhala masiku awiri kapena atatu, pamene anthu a ku Chembe, Monkey Bay ndi Mangochi amatsala ndi nyanja yao chaka chonse, kumwamo, kuchapamo ndi kupezamo ndalama za sukulu za ana. Gulu limene likukonza ulendo wa ku nyanja chaka chino lipangane lisananyamuke za neti, za madzi akumwa, za thumba lotoleramo mabotolo ndi mapulasitiki, ndiponso za nsomba imene likagule ndi imene likakane.