Kodi Mungakonde Kukhala Kalulu Kapena Kamba?

Senderani pafupi, azakhali anu ndabwera ndi funso. Mutati musanduke nyama kwa tsiku limodzi, mungasankhe iti? Kalulu waliwiro? Kamba wa chigoba cholimba? Kapena chiwombankhanga chouluka pamwamba pa mapiri? Musanene msanga. Sungani yankho mumtima, tilifuna kumapeto.

Kodi mukudziwa kuti nthano itha kuseweredwa pa tebulo? Itha ndithu! Anthu anayi kapena asanu amakhala mozungulira. Patsogolo pawo pamakhala pepala, pensulo ndi dayisi. Mmodzi ndiye amafotokoza nthano. Amati apa pali nkhalango, apo pali phanga lamdima. Enawo samangomvera ayi. Aliyense amakhala munthu wa m'nthanomo, ndipo amanena yekha chimene achite. Kwa agogo timangoyankha kuti "Tili tonse." Apa timalowa m'nthano momwemo n'kuyendamo tokha.

Nanga masewerawa anayamba liti? Otchuka kwambiri amatchedwa Dungeons & Dragons. Anatuluka mu 1974 ku America. Anawapanga ndi abambo awiri, Gary Gygax ndi Dave Arneson. Lembani chaka chino papepala, muchotsepo 1974. Mwapeza zaka zingati? Zoposa 50, si choncho? Ana amene anasewera poyamba, lero ndi agogo!

Kodi dayisi ndi yachiyani? Ndi imene imagamula. Mukanena kuti, "Ndilumpha dzenje ili," mumaiponya. Ikagwa nambala yaikulu, mwalumpha. Ikagwa yaing'ono, phuu, mwagweramo! Dayisi ya ludo ili ndi mbali 6. Koma m'masewerawa muli ina ya mbali 20. Ngati kwanu kuli ya ludo, yesani ichi. Phatikizani madontho a pamwamba ndi a pansi. Itembenuzeni, muphatikizenso. Nthawi zonse mupeza 7.

Tsono nyama zikulowamo bwanji? Poyamba wosewera ankasankha kukhala munthu wamba kapena munthu wa m'nthano za ku Ulaya. Munali ma elf a makutu osongoka. Munalinso ma dwarf, anthu aafupi a ndevu zambiri okumba m'mapiri. Koma mu 1976 kunatuluka masewera ena otchedwa Bunnies & Burrows. Mmenemo aliyense ndi kalulu! Opanga ake anatengera buku la Richard Adams la mu 1972, lotchedwa Watership Down. Kalulu alibe lupanga kapena chishango. Ali ndi makutu, miyendo ndi nzeru basi. Akalulu a m'bukulo amawerenga kufika pa 4 pokha. Zikapitirira apo, kwa iwo zangokhala zambiri. Tambasulani dzanja lanu. Kalulu wotere sangathe kuwerenga zala zanu zonse!

Nanga lero muli nyama ziti? Mu Dungeons & Dragons muli anthu ambiri ooneka ngati nyama. Amayenda ndi miyendo iwiri, amavala, amalankhula. A tabaxi ali ngati amphaka, ndipo amakwera msanga m'mitengo. A aarakocra ali ndi mapiko, amauluka. A kenku ali ngati akhwangwala, amatsanzira mawu alionse amene amva. A loxodon ali ndi chitamba ngati njovu. A tortle ali ngati kamba, ndipo zinthu zikavuta amabisala m'chigoba. Mu 2021 munalowanso a harengon, anthu onga akalulu odziwa kudumpha. Werengani. Ndatchula mitundu ingati?

Kodi aliyense amasangalala nazo? Ayi, pamenepa osewera amasiyana maganizo. Ena amati nyama zolankhula zimachititsa nthano kuoneka ngati yachibwana. Iwo amakonda dziko la mafumu, ma elf ndi ma dwarf okha. Ena amadandaula za mapiko. Taganizani. Wofotokoza nthano wakonza mtsinje wodzaza, mlatho wathyoka, ng'ona zili m'madzi. Akufuna kuti anzake aganize mozama. Koma wa mapiko akungoti, "Ine ndiuluka!" Pyuu, wawoloka. Wofotokozayo angakhumudwe. Dandaulo lake ndi lomveka.

Ndiye kuti nthano yatha pamenepo? Ayi, tayang'anani bwino. Wawoloka ndi mmodzi yekha. Anzake atatu akadali tsidya lino. Wa mapiko uja abwerere, anyamule chingwe, akachimange pa mtengo wa tsidya linalo. Wa chitamba agwire mbali inayo mwamphamvu. Wa miyendo ya mphaka ayende pa chingwe, mchira ukugwedera, ng'ona zikuyang'ana m'mwamba. Aliyense aponye dayisi, mitima ili phaphapha. Kenako kwatsala wa chitamba yekha, wolemera kuposa onse. Awoloka bwanji? Ganizani nokha! Mwaona? Mapiko athandiza, koma sanamalize ntchito. Akuluakulu amati mutu umodzi susenza denga.

Kodi kuganiza za munthu wa mutu wa nyama ndi chinthu chatsopano? Ayi, ndi chakale kwambiri. M'phanga lina ku Germany munapezeka kachifanizo kosemedwa pa mnyanga wa mammoth, njovu yaubweya imene inatha kalekale. Thupi lake ndi la munthu, mutu ndi wa mkango. Kali ndi zaka pafupifupi 40,000! Kutalika kwake ndi ngati rula yanu ya masentimita 30. Inyamuleni rulayo, muone. Munthu wina anakhala pansi masiku ambiri akusema, kulibe sukulu, kulibe mabuku. Anthu akale a ku Egypt nawo ankajambula mulungu wawo Anubis ali ndi mutu wa nkhandwe. Nanga ife? Kalulu wathu amapusitsa Fisi. Kamba amapambana ngakhale amayenda pang'onopang'ono. Agogo akamasimba zimenezi, timaseka koma timatolanso nzeru.

Ndiye nyama zikhalemo kapena zichoke? Ine azakhali anu ndikuti zikhalemo. Ukakhala kamba kwa ola limodzi, umaphunzira kudikira. Ukakhala kalulu, umadziwa mantha a kanthu kakang'ono m'tchire lalikulu. Umayamba kumvetsa mnzako amene sali ngati iwe. Koma pali lamulo limodzi lofunika. Musanayambe, gwirizanani. Funsani wofotokoza nthano ngati m'dziko lake muli anthu a mapiko. Akati lero mulibe, sankhani china, mapikowo mudzavala tsiku lina. Nthano ya pa tebulo ndi ya onse amene akhala pamenepo.

Kodi mungayese lero lomwe? Mungathe! Itanani anzanu atatu. Ngati mulibe dayisi, dulani timapepala 6. Mulembepo manambala 1 mpaka 6, mutiike m'chipewa. Tsopano tulutsani yankho lija munasunga mumtima. Jambulani nyama yanu itaima ndi miyendo iwiri. Ipatseni dzina. Lembani chinthu chimodzi chimene imachita bwino, ndi china chimene chimaivuta. Musaiwale chachiwirichi, chifukwa ndi pamene mnzanu adzakuthandizeni. Mmodzi ayambe nthano: mbuzi ya agogo yasowa, ndipo mapazi ake alowera kuphiri. Mukafuna kuchita chinthu chovuta, tolani kapepala osayang'ana. Mukatola 4, 5 kapena 6, zatheka. Mukatola 1, 2 kapena 3, zakanika, ndipo mnzanu apeze nzeru ina.

Nanga mbuziyo mukaipeza kuti? Zimenezo zili m'mitu mwanu, ana anga. Kamba ayang'ane pansi, mbalame iyang'ane patali, kalulu atchere makutu. Yendani limodzi, ndipo musamusiye Kamba m'mbuyo.