Kodi mumadziwa? Likulu lakale la Mozambique limayendeka wapansi

Chilumba cha Ilha de Moçambique n'chotalika pafupifupi makilomita 3 okha, moti munthu amachimaliza wapansi dzuwa lisanafike paliwombo. Koma kachilumba kameneka kanali likulu la dziko mpaka 1898.

Kumpoto kuli nyumba zamiyala, linga la São Sebastião ndi katchalitchi ka Nossa Senhora de Baluarte ka mu 1522. Kummwera kuli Macuti, kumene nyumba zambiri zili m'munsi mwa msewu chifukwa miyala yomangira mzindawu inkakumbidwa kumeneko. Amayi a ku Macuti amadzola mussiro woyera kumaso n'kumavina tufo.

Ayao a ku Niassa ankafika kugombe loyandikana ndi chilumbachi wapansi, atasenza minyanga ya njovu. Lero wochokera ku Cuamba, ku Niassa komweko, amakwera sitima mpaka Nampula, kenako galimoto.