ZA ANTHU OTSALA KUNJA KWA BWALO: PHUNZIRO LA KU MZUZU

Abale okondedwa a m'mipingo, ndi inu aphunzitsi a m'midzi, ndifuna kukufotokozerani za nthenda ina imene ilibe dzina ku chipatala, koma ikupha anthu m'mizinda yathu. Nthendayo ndiyo kutayika kwa munthu pakati pa anthu anzake, kuti akhala moyandikana ndi ambiri koma palibe womwerengera.

Tsiku lina ndinaitanidwa kukaika maliro a mnyamata wina ku Mzuzu. Pofika pa nyumba ndinapeza anthu osakwanira ndi kunyamula bokosi lomwe. Ndinafunsa kuti kwawo nkuti, ndipo wina anati ku Mzimba, wina anati ku Nkhata Bay, koma panalibe wodziwa mudzi wake kapena mfumu yake. Anadwala m'mutu miyezi yambiri, nagona m'makhonde a masitolo, ndipo ife tonse tinamlambalala. Pobwerera ku manda ndinadzifunsa kuti, Kodi munthu atayika bwanji chotere pakati pa mipingo yochuluka chonchi?

Tiyambe ndi mbiri ya malowo. Mzuzu si mudzi wa makolo ayi. Unayamba cha m'ma 1947, pamene Azungu anatsegula munda waukulu wa mitengo ya tung, imene mbewu zake amayenga mafuta opangira utoto. Anthu anadza kudzafuna ntchito, namanga misasa yawo pafupi ndi mundawo. Malonda a tung anagwa, koma anthu sanachoke. Mu 1985 malowo anatchedwa mzinda, ndipo pa kalembera wa mu 2018 munapezeka anthu oposa 220,000. Tsono taonani, pafupifupi banja lililonse la ku Chibavi, ku Zolozolo, ku Masasa, ku Chiputula ndi ku Mchengautuwa lili ndi kwawo kwina: Atumbuka, Atonga, Angoni, Ankhonde, Alambya, Achewa, Ayawo ndi Alomwe akhala khomo ndi khomo.

Kumudzi munthu ali ndi pokhala pake angakhale asauke. Ali ndi munda, ali ndi amalume kapena atate aang'ono, ali ndi mfumu yodziwa dzina lake, ndipo akadwala mbale ya nsima imfikira. M'tauni zonsezi zigulidwa ndi ndalama: nyumba ndi ya lendi, madzi ndi ogula pa mpopi, makala ndi ogula. Chotero kutayika kumadza pang'onopang'ono, monga chiswe chidya mzati. Poyamba ganyu asowa. Pamenepo lendi alephereka, banja lisamukira ku dambo kumene nyumba nzotsika mtengo, ndipo kumeneko mvula ikakula makoma agwa, monga kunachitika mu April 2016, pamene mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri mu mzindawo nipha anthu. Mwana aleka sukulu napita ku msika kukanyamula katundu. Atate alowa m'kachasu kuti aiwale. Potsiriza manyazi agwira banja lonse, naleka kudza ku mapemphero ndi ku misonkhano chifukwa cha nsanza zawo. Ndipo amene sawoneka pa bwalo aiwalika msanga.

Pali magulu anayi amene amagwa msanga koposa m'dzenje limeneli: odwala m'mutu ndi akhunyu, opunduka, ana osowa owasunga, ndi akazi amasiye. Za odwala m'mutu nzomvetsa chisoni koposa. Kuyambira 1910 boma linkawatsekera pafupi ndi ndende ya ku Zomba, ndipo ngakhale pamene chipatala chawo chinamangidwa komweko mu zaka za m'ma 1950, munthu wa ku Karonga kapena ku Chitipa anayenera kutumizidwa kutali ndi abale ake onse. Chifukwa chake ambiri ankamangidwa ndi zingwe kuseri kwa nyumba, anthu nanena kuti analodzedwa kapena anaphonya zizimba.

Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 anafika ku Mzuzu abale a chipani cha St John of God ochokera ku Ireland. Mwini dzinalo anabadwa ku Portugal mu 1495, namwalira ku Granada, m'dziko la Spain, mu 1550. Iye mwini anatsekeredwapo m'chipatala monga wamisala, nakwapulidwa, pakuti ndiwo unali mankhwala a masiku amenewo. Ndipo atatuluka anapereka moyo wake wonse kusunga odwala ndi osauka otoledwa m'misewu. Ngakhale abalewa ali a mpingo wa Roma, tiyenera kuvomereza kuti ntchito yawo itiphunzitsa ife tonse.

Anamanga nyumba yogonekamo odwala m'mutu, imene anaitcha House of Hospitality, ndiko kunena nyumba yocherezamo alendo. Koma chimene ndifuna muchigwire nchakuti sanalekere pa makoma a chipatala. Anatuluka kukaona odwala m'makomo ndi m'zipatala zazing'ono, naphunzitsa abale a wodwala kusunga mankhwala ndi kuzindikira zizindikiro za kubwerera kwa nthenda. Anatsegula malo a ana obadwa ndi chilema, ndi sukulu ya ntchito za manja ya achinyamata opunduka ndi ovutika, ndi malo othandizira akapolo a mowa ndi chamba, ndiponso sukulu yophunzitsa anamwino ndi asing'anga a nthenda za m'mutu. Ntchito yawo ya ana a m'misewu anaitcha Umoza, mawu a Chitumbuka otanthauza umodzi, ndipo cholinga chake nkubwezera mwana ku sukulu ndi ku banja, osati kumsunga m'nyumba ya ana amasiye mpaka akule. Analimbikitsanso amayi osauka kusonkhana m'timagulu, kuponya pang'onopang'ono ndi kukongozana, monga achitira a banki m'khonde.

Nzeru yake ndi iyi: munthu wotayika sachira ndi mphatso yokha. Mukampatsa thumba la ufa, adya, ufa utha, iye akadali kunja kwa bwalo. Koma mukamlowetsa m'gulu limene liwerenga dzina lake sabata ndi sabata, limfunsa maganizo ake, ndi kumpatsa udindo, ngakhale wosunga kiyi wa bokosi la ndalama, pamenepo wasanduka munthu wosowedwa akajomba. Mayi wa m'gulu lotere akadwala, anzake adziwa tsiku lomwelo. Kumeneko ndiko kumanga mudzi watsopano pakati pa tauni.

Malamulo a dziko nawonso anatsegula khomo. Kuyambira 1994 sukulu ya pulayimale ya boma ndi yaulere. Lamulo la maboma aang'ono la mu 1998 linafuna kuti chitukuko chiyambe kwa eni ake, ndipo m'mizinda muli makomiti a m'mawodi ndi atsogoleri a m'mabuloko, monga kumudzi kuli makomiti a chitukuko. Lamulo la mu 2010 liteteza ana, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu wosafika zaka 18 asakwatiwe. Koma lamulo liri ngati khasu lopachika pa denga: sililima lokha. Pa misonkhano ya chitukuko amalankhula ndi a nsapato, pamene wosaona, wogontha ndi wamasiye sanaitanidwe konse. Ndipo mjigo kapena chimbudzi chimangidwa pamene wa njinga ya opunduka sangafikepo.

Nanga ife tichitenji? Inu akulu a mpingo ndi amayi a chigwirizano, werengani anthu a m'dera lanu khomo ndi khomo, osati okhawo olembedwa m'buku la zopereka. Mpando ukakhala wopanda munthu masabata atatu, mutume awiri akaone. Wodwala m'mutu kapena wakhunyu mumperekeze ku chipatala, ndipo akabwera mumlandire pa mphasa imodzi ndi inu. Khunyu silipatsirana, ndipo mankhwala ake alipo. Popita ku msonkhano wa komiti, mutenge mmodzi wa osaukawo adzilankhulire yekha.

Inu aphunzitsi a m'midzi, musati izi nza m'tauni zokha. Ana ambiri ogona pa depoti ya basi anayamba ndi kujomba m'kalasi ya kumudzi. Kaundula wanu ndiye mlonda woyamba. Mwana akasowa, mufike kwawo dzuwa lisanalowe kachiwiri. Mwana wopunduka mumkhazike patsogolo ndi kuletsa omseka. Ndipo wachinyamata akanyamuka kunka ku Mzuzu kukafuna ntchito, mpingo umlembere kalata yomfikitsa kwa akulu a kumeneko, kuti asalowe mu mzinda ngati nkhuku yogwa m'dengu pa njira.

Akale anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mnyamata uja tinamuika anali mwana wa wina wake, amene mwina kufikira lero ayang'ana ku msewu. Ndikupemphani, abale, Lamulungu likudzali aliyense atchule pamaso pa akulu dzina limodzi la munthu amene sanamuone nthawi yaitali, ndipo mkati mwa sabata apite akagogode pa khomo pake.