Dzina la pa Mseu: Kukumbukira a Alick Nkhata

Munthu wocokera ku Chongwe akakwera basi m'mawa ndi kutsata mseu waukuru wa Great East Road, asanathe mamailosi 30 wafika kale mu Lusaka. Mumzindamo muli mseu wina wodzera m'mbali mwa Kalingalinga, pamene pali nyumba ya wailesi ya dziko la Zambia, ndipo dzina lace ndi Alick Nkhata. Anyamata oitanira mabasi amalichula dzinali tsiku ndi tsiku, koma ambiri a iwo sadziwa kuti mwini wace anali woyimba gitala, amene mau ace anali kumveka madzulo m'makomboni a ku Migodi ndi m'midzi ya ku Chongwe komwe. Nkhani ino ndi ya munthuyo, ndi ya gitala imene inamchukitsa.

Poyamba kuyenera kufotokoza m'mene gitala inafikira m'maiko ano. Pakati pa nkhondo ziwiri zazikuru, ndiponso itatha yaciwiri, amuna obwera ku nchito ku Joni, ku Harare ndi ku Migodi anali kubwera ndi galamafoni ndi mbale zace. Pa mbale zimene zinakondedwa koposa panali za Jimmie Rodgers, woyimba wa ku America amene anamwalira m'caka ca 1933. Nyimbo zace zinali za anthu a pa ulendo, za sitima ya pamtunda ndi za kulakalaka kwao. Munthu wa pa mgodi, ngakhale sanamve Cingelezi, anazindikira msanga kuti woyimbayo ali kudandaula zimene iyenso adandaula.

M'mbale zina zotere munali kumveka gitala yolira ngati munthu. Kayimbidwe kameneka kanayamba ku zisumbu za Hawaii, ndipo amene amachulidwa kuti anakayamba ndi Joseph Kekuku, ca m'ma 1889. Woyimba sakolekera gitala pacifuwa, koma amaigoneka pamiyendo. Nsambo sazipanikiza ndi zala. Amatenga kacitsulo kosalala m'dzanja lamanzere nakatsetsereza pa nsambozo, pamene dzanja lamanja liri kuzikodola. Cifukwa cace mau sadumpha kucoka pena kufika pena, koma amakwera ndi kutsika monga acitira munthu wolira maliro. Ku America anaiwonjezera magetsi ndi zopondera za kumapazi, ndipo magulu a nyimbo za country rock anaikonda: a Flying Burrito Brothers anali ndi Sneaky Pete Kleinow, amene anamwalira m'caka ca 2007. Ku Nyasaland, kumene tsopano ndi Malawi, anaicha "hauyani", ndipo posowa kacitsulo anali kutsetsereza mpeni kapena botolo. Katswiri wace wodziwika kumeneko anali a Ndiche Mwarare.

Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kafuna wodziwa kumeta, ndipo ku Northern Rhodesia wodziwayo anali a Nkhata. Iwo anabadwa ku Kasama m'caka ca 1922. Pa nkhondo yaciwiri analowa usilikari nafika ku Burma. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, Mzungu amene anali kuyenda m'maiko a Afrika ndi makina ojambulira mau, kusonkhanitsa nyimbo za m'midzi. Kwa iyeyu anaphunzira kuti nyimbo ya mai wosinja pamtondo ndi cuma coyenera kusungidwa.

Nthawi yomweyo wailesi inali kukula. Nyumba ya wailesi ya ku Lusaka inayamba m'caka ca 1941, pofuna kuuza anthu za nkhondo, koma Afrika okhala ndi wailesi anali owerengeka. Tsono Harry Franklin, mkuru wa zofalitsa nkhani m'Boma, anapempha kampani ya Ever Ready kuti ipange wailesi yotsika mtengo. Inafika m'caka ca 1949, yooneka ngati poto wophikira, ndipo inachedwa Saucepan Special. Mtengo wace unali mapaundi 5, batire yace masheleni 25. Sinafune magetsi, cotero inalowa m'nyumba ya wokumba mkuwa ku Nkana, ya mphunzitsi ku Chalimbana, ndi ya mlimi m'midzi ya Asoli. Wailesiyo inali kulankhula Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi ndi zinenero zina, ndipo inamveka ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia komwe.

A Nkhata analowa nchito pa wailesi imeneyi, ya Central African Broadcasting Service, nakhala muulutsi ndi woyimba. Nchito yao inali ya mbali ziwiri. Mbali yoyamba inali kujambula nyimbo za makolo kuti zimveke pa wailesi. Mbali yaciwiri inali kutenga nyimbo zotere ndi kuzikonzera gitala, kuti mnyamata wa m'tauni wobvala suti asacite nazo manyazi. Womvetsera bwino amamva zinthu zitatu m'nyimbo zao: kukodola gitala kofanana ndi kwa mbale za ku America, kugwirizana kwa mau konga kwa kwaya, ndi kuyankhizana kwa wotsogolera ndi obvomera konga kwa pabwalo la kumudzi. Anayamba ndi gulu la anthu anai, pambuyo pace natsogolera Lusaka Radio Band, imene inadzachedwa Big Gold Six.

Cimene cinawakondetsa kwa anthu sicinali gitala yokha ai. Anali kuyimba za moyo umene anthu anali nao pa nthawiyo: za mnyamata wothera malipiro ace pa mowa, za cikondi ca m'tauni, za woyendetsa galimoto la hayala, ndi za kutsazikana. Anali kudzudzula moseka, monga acitira nkhoswe yanzeru, kotero kuti wolakwa anali kuseka nao limodzi asanazindikire kuti mlandu ndi wace.

Nchitoyo inali ndi zoopsa zace. M'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba m'caka ca 1953, anthu ambiri anakayika wailesi cifukwa inali ya Boma, ndipo kunabuka mphekesera yakuti aulutsi aciafrika ndi anyama, ogwira anzao usiku. Peter Fraenkel, amene anagwira nchito pa wailesiyo, analemba za masiku amenewo m'buku lace lochedwa Wayaleshi. A Nkhata anapirira, ndipo dziko litalandira ufulu pa 24 October 1964 anakwezedwa nakhala mmodzi wa akuru otsogolera wailesi ya Zambia.

Atapuma nchito anakakhala pa munda wao ku Mkushi. Pa 19 October 1978 asilikari a boma la Ian Smith analowa m'Zambia ndi ndege, naukira misasa ya ankhondo a Joshua Nkomo ku Chikumbi ndi ku Mkushi. A Nkhata anafa pa ciwembu cimeneco, ali ndi zaka 56. Anthu a ku Chongwe aidziwa bwino nkhondo imeneyo, pakuti m'mwezi wa November 1979 asilikari omwewo anaphulitsa mlatho wa pa mtsinje wa Chongwe.

Nyimbo zao sizinafe nao, cifukwa zinajambulidwa. Zina zinatulukanso m'caka ca 1991 pa cimbale cochedwa Shalapo, ndipo zimene Hugh Tracey anasonkhanitsa zisungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Koma oyimba hauyani ndi banjo ambiri, amene anasangalatsa anthu pa maukwati ndi pamowa, sanakumane ndi makina ojambulira, ndipo maina ao anapita ndi iwo kumanda.

Lero makina amene kale anali kudzaza galimoto alowa m'thumba la malaya, pakuti foni iri yonse ijambula mau. Ku Chongwe, Asoli akasonkhana pa mwambo wa Chakwela Makumbi kupempha mvula, nkhalamba zodziwa nyimbo zakale zimakhalapo. Mnyamata amene akhala pansi pafupi ndi agogo ace, nawapempha mwaulemu kuti ayimbe, nalemba dzina lao ndi la mudzi wao, ameneyo ali kupitiriza nchito imene a Nkhata anaisiya.