Kireni ya rimoti: ikasowa mawu imaima

Katundu amene kale ankafuna amuna makumi awiri ndi nyimbo yolimbikitsana, masiku ano akunyamulidwa ndi munthu mmodzi yekha, kabokosi kachikasu kali m'chiuno. Anthu a mu Lilongwe tinayamba kuzolowera makireni ataliatali pomwe ankamanga Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndiponso bwalo la zamasewero la Bingu ku Area 48 limene linatsegulidwa mu 2017. Lero makina otere ali m'mayadi a ku Kanengo, ali pamsana pa malole onyamula mapolo ndi makontena, ndipo ena mwa iwo amayendetsedwa ndi rimoti ya wailesi. Ambirife timangoti ndi nzeru za azungu n'kupitirira ulendo. Koma amene amaima pafupi ndi katunduyo si mzungu ayi. Ndi mchimwene wanu wa ku Mgona amene analawirira ganyu, ndi mlamu wanu wa ku Area 25, mwinanso ndi mwana wanu amene wathamangira kukaonerera kontena ikutsitsidwa pamsika. N'chifukwa chake lero tiyeni tisiye kaye za ndale, tione za kabokosi kameneka.

Tiyambe ndi kulemera kwa chinthu chimene tikukambachi. Kontena yaifupi ija ya mafiti 20, imene amalonda timakonda kusandutsa golosale kapena saluni ku Chinsapo ndi ku Area 23, ikakhala yopanda kanthu imalemera makilogalamu oposa 2,000. Amenewo ndi matumba a chimanga oposa 40. Ikadzazidwa imatha kufika matani 30. Chinthu chotere chikakugwera palibe zoti thamangani naye ku Central. Funso limene munthu wanzeru aliyense angafunse ndi lakuti: kodi n'zoona kuti tingadalire wailesi, imene tonse timadziwa kuti imachita phokoso ndi kuthawathawa, kuti igwire matani onsewa m'malere?

Nzeru yoyendetsa makina ndi wailesi si yatsopano. Mu 1898 Nikola Tesla anaonetsa anthu ku New York kaboti koyenda pamadzi popanda munthu kapena chingwe. Chimene chinatenga nthawi ndicho kuipanga kukhala yodalirika mpaka kuipatsa moyo wa munthu. Kale woyendetsa kireni ankakhala m'kanyumba pamwamba penipeni, n'kumadalira mnzake wapansi kuti azimulozera ndi manja. Kapena ankatsatira katundu pambuyo atagwira mabatani olendewera pachingwe, ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo: kumene chingwe chathera ndi komweko, ngakhale pakhale pangozi. Rimoti inamasula munthu ameneyu. Tsopano amasankha yekha poima, pamene akuona bwino katundu ndi anthu, kutali ndi pogwera zinthu.

Zida zake ndi ziwiri. Pali kabokosi kotumiza, kamene woyendetsa amagwira m'manja kapena kumangirira m'chiuno, kokhala ndi mabatani kapena timitengo tokankha. Palinso bokosi lolandira, lomangidwa pa kireni penipeni ndi kulumikizidwa ku mamota ake. Musafanizire ndi rimoti ya TV ya kunyumba ija, imene imatumiza kuwala kosaoneka ndi maso ndipo mwana akangodutsa kutsogolo imaleka kugwira. Iyi imatumiza mafunde a wailesi, kawirikawiri pa 433 MHz, 868 MHz kapena 2.4 GHz, ndipo zambiri zimafika mtunda wa mamita pafupifupi 100. Manambala amenewa ali ngati aja mumasakira MBC kapena Zodiak pa wailesi yanu, kungoti m'malo mwa nyimbo mukudutsa malamulo: kweza, tsitsa, pita kumanja, ima.

Tsono vuto n'lakuti pamafunde amenewa pali chikhamu ngati mu depoti ya minibasi. Rimoti zambiri zotsegulira mageti ndi zokhomera galimoto zimayenda pa 433 MHz pomwepo, ndipo pa 2.4 GHz ndi pamene pamadutsa Wi-Fi ndi Bluetooth ya m'mafoni athu. Nanga bwana wina akamatsegula geti lake kutsidya kwa msewu, kireni siinganyamuke yokha? Ayi ndithu. Uthenga uliwonse umene kabokosi katumiza umayamba ndi nambala yakeyake, ngati dzina, imene bokosi lolandira limaidziwa. Uthenga wopanda dzinalo umangotayidwa. Kumapeto kwa uthengawo kumakhalanso kasamu kotsimikizira kuti palibe chasokonekera panjira, monga wamalonda amawerengera ndalama kawiri asanapereke chenji. Samu ikapanda kugwirizana, lamulolo silitsatidwa. Zina mwa rimoti zamakono zimadumphadumpha pamafunde osiyanasiyana kuthawa pamene pali phokoso.

Koma chimene chinanditenga mtima ine ndi ichi. Kabokosi kotumiza sikakhala chete. Ngakhale woyendetsa asadine batani lililonse, iko kamangonena kangapo pa sekondi kuti ndilipo, ndilipo, ndilipo. Bokosi lolandira limamvetsera mawu amenewa nthawi zonse. Akangosowa, kaya batire latha, kaya woyendetsa wapita kutali, kaya kabokosi kagwa n'kusweka, kaya phokoso la mafunde lachuluka, bokosilo silidikira kapena kuganizira kuti mwina abwana amafuna chakuti. Limadula mphamvu, kireni n'kuima. Nthawi yodikira kawirikawiri imakhala theka la sekondi, ndipo miyezo ya ku Ulaya siilola kuti ipitirire masekondi awiri. Kwa makina amenewa, kukhala chete kumatanthauza chinthu chimodzi basi: ima.

Nzeru yomweyi ili paliponse m'makinawa. Timitengo tokankha tija tili ndi sipuling'i, ukangotisiya timabwerera pakati tokha, kotero munthu akakomoka kireni siipitirira ulendo. Rimoti zina zimazindikira kuti zapendekeka kwambiri, monga munthu akagwa, n'kuzimitsa zonse. Poyatsa, makina amakana kudzuka ngati pali batani lodinika kale, ndipo ambiri amaliza hutala kuchenjeza anthu. Batani lalikulu lofiira lija, looneka ngati bowa, ukalimenya ndi chikhatho limatumiza lamulo loimitsa zonse nthawi yomweyo. M'bokosi lolandira la makina abwino muli timakompyuta tiwiri tolonderana ndi maswitchi awiri otsatana, kuti imodzi ikakanirira inzake idule mphamvu.

Wina afunsa, monga Mmalawi aliyense angafunsire: nanga magetsi akathima katundu ali m'mwamba? Apa mpamene ambiri timaganiza mobwerera. Mabuleki a kireni yamagetsi sali ngati a njinga, amene amagwira ukawafinya. Iwo amakhala ogwira kale ndi mphamvu ya sipuling'i, ndipo magetsi ndiwo amawatsegula kuti katundu ayende. Magetsi akathawa, mabuleki amaluma pomwepo, katundu n'kutsala lende. Pa makireni a pamalole, oyendera mafuta opopedwa m'mapaipi, pali mavavu amene amatsekera mafutawo kuti mkono usagwe paipi ikaphulika. Komabe dziwani kuti katundu woima modzidzimutsa amagwedezeka uku ndi uku ngati katungwe. Kuima kwa makina sikupulumutsa munthu amene waima moyandikira.

Sindikunena kuti zida zimenezi n'zopanda chilema. Mu Januwale 2019 akatswiri a kampani ya Trend Micro anatulutsa zotsatira za kafukufuku wawo pa rimoti za makampani 7, ndipo anaonetsa kuti munthu wokhala ndi kompyuta ndi kawailesi kotchipa angathe kujambula uthenga wa rimoti n'kuubwereza, kireni n'kumvera ngati ndi mwini wake. Anakayesa zimenezi pamalo enieni a ntchito ku Italy, eni ake atawaloleza. Chinaoneka n'chakuti opanga makinawa anateteza bwino ku ngozi koma anaiwala munthu wa mtima woipa. Mankhwala ake ndi aja ali kale m'makiyi a galimoto zambiri: nambala yosinthasintha nthawi iliyonse, ndi uthenga wobisidwa kuti wakuba asauwerenge. Makampani ena anakonza zida zawo pambuyo pake, koma makina akale amene amafika kuno atagwira kale ntchito kwina sadzikonza okha.

Ngakhale zili choncho, ine sindiopa kwambiri mnyamata wa kompyuta. Ndimaopa ifeyo. Amalawi tili ndi luso lodzutsa chakufa, ndipo aliyense amene anapitako ku magalaja a ku Biwi angavomereze kuti kumeneko injini yotayidwa imalankhulanso. Luso limeneli latisunga pa umphawi. Koma lili ndi mbali yake yoipa: chinthu chikamazima chokha, timafunafuna chimene chikuchizimitsa n'kuchilumpha ndi kawaya. Fyuzi ikamapsa timakulunga waya wokhuthala. Pa yadi ina, imene sindiitchula, ndinaona batani lofiira litakulungidwa ndi mphira kuti lisamadinike, chifukwa ati linkachedwetsa ntchito. Kuchita zotere kuli ngati kumanga galu pakamwa chifukwa akukusokoneza tulo, chonsecho akuuwa akuba. Kireni imene ikuimaima siikuchita mwano, ikukuuzani kuti penapake pali vuto.

Palinso ngozi zimene rimoti, ngakhale yodula bwanji, siingazione. Siiona mawaya a magetsi amene alendewera pamwamba pa misewu yathu yopapatiza ya ku Kawale, ndipo magetsi amphamvu amatha kudumphira pa mkono wa kireni usanakhudze n'komwe waya. Wogwira rimoti akhoza kupulumuka poti sakukhudza galimoto, koma wothandizira amene wagwira kontena ndi manja ndiye amapita. Rimoti siidziwa kuti pamene mwendo wa lole waponda panali chimbudzi chakale chokwiriridwa, kapena kuti dothi lafewa ndi mvula ya dzulo. Siiona kuti tcheni chonyamulira chinawotcheredwa pamsika. Siithamangitsa ana. Inenso ndinaonapo kontena ikutsitsidwa ku Chinsapo anthu atazungulira ngati kwabwera gule, mwini wake ali kalikiliki kuloza ndi dzanja ali pansi pake penipeni. Palibe chinachitika tsiku limenelo, koma tsoka silinunkha.

Ndiye inu amalonda, tsiku lobweretsa kontena kapena makina a chigayo, muli ndi mbali yanu. Yang'anani kumwamba musanasankhe malo. Muuzeni woyendetsa za maenje akale. Funsani kuti kireni yake imaloledwa kunyamula makilogalamu angati, ndipo kumbukirani kuti mkono ukatambasuka kutali mphamvu yake imachepa. Ikani anthu awiri oletsa odutsa, ndipo wolozera akhale mmodzi yekha, osati aliyense kukuwa zake. Woyendetsa akakana kunyamula, musamunyengerere ndi ya fanta. Nanunso amene mumaitanitsa katundu ku China, Dubai kapena Johannesburg, rimoti ya kireni si yogula poona mtengo wokha. Funsani ngati imaima yokha mawu akasowa, ngati nambala yake imasintha, ndiponso ngati mafunde ake ndi ololedwa kuno. Bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1998, ndilo limayang'anira mafunde a wailesi m'dziko muno. Safunsa anadya phula.

Kwa olemba anthu ntchito, lamulo la chitetezo ndi umoyo pantchito la mu 1997 linaika udindo pamapewa anu woonetsetsa kuti makina ndi malo antchito n'zosaika moyo pachiswe. Waganyu nayenso ndi munthu. Kuyesa batani lofiira m'mawa uliwonse katundu asananyamulidwe sikutenga mphindi imodzi. Kukhoma rimoti m'kabati poweruka, kuti isasewere m'manja mwa mlonda kapena mnyamata wachidwi, sikufuna ndalama. Pamene pali makireni awiri, lembani nambala yaikulu pa kireni ndi pa rimoti yake, chifukwa palibe choopsa ngati munthu kuyang'ana kireni iyi pamene ikuyenda ndi inayo kumbuyo kwake.

Ndipo inu ophunzira, makamaka a zamagetsi ku Lilongwe Technical College ndi m'masukulu ena a ntchito zamanja, apa pali mpata wa ntchito. Makina amenewa akuchuluka, ndipo adzafuna anthu owamvetsa, odziwa kupeza chimene chavuta m'malo mochilumpha. Wolumikiza kawaya amadya lero lokha, koma wodziwa chifukwa chimene bokosi lakanira ndiye adzaitanidwa mawa ndi mkuja.

Anthu amene anapanga rimoti ya kireni anagwirizana mfundo imodzi, yoti pamene pali chikaiko makina aziima. Ife mfundo yathu m'misewu, m'maminibasi ndi m'mayadi yakhala yakuti tiyeni nazo, tikaonera konko. Ndi mfundo imene yadzaza manda ambiri. Kabokosi kachikasu kaja kachita kale mbali yake. Chatsala n'chakuti woyendetsa akhale ndi ufulu wonena kuti sindinyamula popanda kuopa kuchotsedwa ntchito, ndipo ife oonerera tiphunzire kusuntha, kukoka ana athu, n'kuonerera tili patali.