Katemera wa ana a ku Tembwe adalira akatswiri a mafiriji

Mai akapita ndi mwana ku sikelo pa cipatala ca Tembwe m'boma la Chama, katemera amene mwanayo alandira amakhala atayenda ulendo wautali. Amacokera m'zipinda zozizira ku Lusaka, napyola m'nkhokwe za cigawo ndi za boma, asanafike m'firiji ya pa cipatalapo. Makina onse oziziritsa a pa ulendowu ali m'manja mwa mainjiniya a mafiriji.

Akatemera ambiri ayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo ena, monga woteteza ku kafumbata, amaonongeka akazizira mpaka kuuma ngati mwala. Coopsa ncakuti katemera wakufa samaonekera ndi maso. Mwana angabaidwe nsingano koma osatetezedwa. Ndico cifukwa cake pa botolo pamakhala kacizindikiro kamene kamada botololo likakhalitsa potentha.

Ku cigwa ca Luangwa, kumene Tembwe ili, kutentha kumapitirira madigiri 40 m'mwezi wa Okutobala. Motero firiji ikaleka kugwira nchito, katemera wa mudzi wonse amakhala pangozi.

Firiji imagwira nchito mwa kucotsa kutentha mkati ndi kukutaya kunja. Gasi wapadera amayenda m'mapaipi namwa kutentha kwa m'kati. Kenaka makina ochedwa kompresa amam'panikiza ndi kum'kankhira ku mapaipi a kunja, kumene kutenthako kumatulukira. Gasi akatha cifukwa ca kudontha, kapena mapaipi a kunja akadzala fumbi, kuzizira kumacepa.

Injiniya wamkulu ndiye amawerengera kukula kwa makina oyenera cipinda ciliconse, malinga ndi katundu wosungidwamo ndi kutentha kwa deralo. Amakonza ndandanda yoyendera makinawo asanaonongeke, amayang'anira amisiri okhala pansi pace, ndiponso amaonetsetsa kuti jenereta ilipo yoyaka magetsi akazima. Kufunika kwa udindowu kunaoneka bwino mu 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi ku Kariba ndipo magetsi anali kuzima kwa maola ambiri tsiku lililonse.

M'zipatala za kumidzi mumagwiritsidwanso nchito mafiriji oyendera mphamvu ya dzuwa. Amakono alibe mabatire. Masana amaumitsa madzi okhala m'zipupa zace, ndipo madzi oumawo ndiwo amasunga kuzizira usiku. Komabe magalasi okolola dzuwa afunika kupukutidwa, ndipo anchito a zaumoyo amalemba mlingo wa kuzizira kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo.

Luso lomweli ndilo limafunika m'mafakitale a nyama, mkaka ndi zakumwa. Ambiri mwa mafakitalewa amagwiritsa nchito gasi wa amoniya, amene amaziziritsa kwambiri koma angavulaze maso ndi mapapo akadontha. Cifukwa ca ici, citetezo ca anchito anzace ndi mbali yaikulu ya udindo wa injiniya.

Palinso malamulo okhudza gasi. Pangano la ku Montreal la mu 1987 linaletsa pang'onopang'ono magasi oononga cophimba ca ozoni, cimene cimateteza dziko ku ceza coopsa ca dzuwa. Mu 2016, ku Kigali, maiko anagwirizananso zocepetsa magasi a HFC amene amaonjezera kutentha kwa dziko. M'dziko muno, bungwe la ZEMA ndilo liyang'anira kalowedwe ka magasi oononga ozoni.

Wacicepere wofuna nchitoyi afunika kulimbikira masamu ndi sayansi. Maphunziro a zamafiriji amapezeka m'masukulu a zaluso olembetsedwa ndi TEVETA, monga NORTEC ku Ndola, pomwe uinjiniya wa makina umaphunzitsidwa pa University of Zambia ndi Copperbelt University. Lamulo limafuna kuti injiniya aliyense alembetse ku Engineering Institution of Zambia asanayambe nchito.

Kwa makolo a ku Tembwe, cofunika ndi kupita ndi ana ku sikelo pa masiku oikidwa. Kwa anthu a m'deralo, ndi kuteteza magalasi a dzuwa a pa cipatala kwa akuba, popeza akabedwa, katemera wa ana ao ndiye amaonongeka.