Kodi mtsinje umabwerekedwa?

Ana inu a pa Boma ndi pa Chitakale, mukayang'ana kuphiri la Mulanje nthawi ya dzinja mumaona timizere toyera tikutsetsereka pamiyala. Amenewo ndi madzi, ndipo ulendo wawo ndi wautali, chifukwa nsonga ya Sapitwa ili pamtunda wa mamita 3,002. Kuphiri komweko ndiye kumabadwira Ruo, Lichenya, Likhubula, Thuchila ndi Muloza. Koma kodi mukudziwa kuti ena mwa madzi amenewa, asanafike kumidzi ya kumunsi, amayamba agwira ntchito yoyatsa mababu?

Zimayenda chonchi. Kumtunda kwa mtsinje amisiri amamanga kakhoma kopingasa, kotchinga madzi pang'ono chabe. Madzi ena amadutsa pamwamba pake n'kupitirira, ena amapatukira mungalande. Ngalandeyo imawafikitsa m'thanki momwe mchenga ndi timiyala zimadikha pansi, chifukwa mchenga ukalowa m'makina umadya zitsulo. Akayera, madziwo amalowa mu mpaipi waukulu wotsetsereka, ndipo pofika pansi amakhala ndi ukali woopsa. Amamenya gudumu lachitsulo la mapiko lotchedwa thabaini, gudumulo limazunguza jenereta, ndipo m'kati mwa jeneretamo maginito akamazungulira pafupi ndi mawaya a kopa, magetsi amabadwa. Madzi aja sapsa, sathanso ayi. Akamaliza ntchito amabwerera mumtsinje womwewo cha kumunsi. Mphamvu yake imadalira zinthu ziwiri, kuchuluka kwa madzi ndi kutalika kwa pomwe agwera. N'chifukwa chake timitsinje ta ku Mulanje kuno, ngakhale n'tating'ono poyerekeza ndi Shire, timatha kugwira ntchito yaikulu.

Ku Bondo, pamtsinje wa Lichenya, kuli makina otere oyendetsedwa ndi bungwe la MEGA, lomwe linayambitsidwa mothandizana ndi bungwe losamalira phiri la Mulanje Mountain Conservation Trust. Magetsi a kumeneko amapita m'nyumba za m'midzi, m'magolosale, kusukulu ndi kuchipatala cha Bondo, kumene kale anamwino ankathandiza odwala usiku ndi makandulo. Anthu amagula mayunitsi asanagwiritse ntchito. Cha ku Lujeri nako kuli siteshoni ya Ruo-Ndiza ya kampani ya Mulanje Hydro Limited, yomwe imapanga mamegawati oposa 8 n'kugulitsa ku ESCOM. Megawati imodzi ikhoza kuyatsa mababu 100,000 a mawati 10 nthawi imodzi. Chulukitsani ndi 8 nokha.

Tsopano tifike pafunso lathu. Mtsinje wa Ruo ndi wa yani? Kodi munthu wa ndalama angangobwera ndi simenti n'kuutseka?

Sangatero. Malamulo a dziko lathu amati madzi a m'mitsinje ndi a mtundu wonse wa Amalawi, ndipo boma limawasunga m'malo mwathu. Wofuna kupanga magetsi ayenera kupempha zilolezo, ndipo si chimodzi. Chilolezo chopatutsa madzi chimachokera ku National Water Resources Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013. Layisensi yopanga ndi kugulitsa magetsi imachokera ku bungwe la MERA. Bungwe la MEPA, lomwe linabwera ndi lamulo la zachilengedwe la 2017, limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kafukufuku woona mmene ntchitoyo ikhudzire mtsinje, nkhalango, nyama ndi anthu, ndipo pakafukufuku ameneyu anthu okhudzidwa ayenera kufunsidwa maganizo awo.

Chofunika kuchigwira bwino ndi ichi: zilolezo zimenezi si zamuyaya. Zimakhala ndi tsiku lothera, monga muja imathera layisensi ya dalaivala wa minibasi. Kampani sigula mtsinje, imangobwereka mphamvu yake kwa zaka zolembedwa papepala, ndipo zakazo zikatha iyenera kupemphanso. Pamenepo mafunso amabwereranso. Kodi malonjezo akale anasungidwa? Kodi mtsinje uja ukadali monga unalili?

Mwina mukuti, "Nanga popeza madzi amabwerera mumtsinje, vuto lili pati?" Vuto lili pakati. Kuyambira pomwe madzi apatutsidwa kukafika pomwe akubwerera, pali chigawo cha mtsinje chomwe chimatsala ndi madzi ochepa. M'dzinja palibe amadandaula, madzi amachita kusefukira. Koma mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mtsinje umaphwa, ndipo dontho lililonse limakhala ndi olifuna awiri. Makina akulifuna kuti mababu asazime. Amayi ochapa ndi otunga akulifuna, a madimba a masamba akulifuna, nsomba ndi nkhanu nazo zikulifuna. Choncho payenera kugwirizanidwa kuchuluka kwa madzi oyenera kusiyidwa mumtsinje nyengo zonse. Injiniya angayeze madzi ndi zida zake, koma sangadziwe payekha kuti padziwe lakuti ndi pomwe pamamwera mbuzi za mudzi wonse, kuti kanjira kodutsa pomwe akufuna kuyala mpaipi ndiko kachidule kopita kusukulu, kapena kuti pankhalango ina pali manda ndi malo amene akuluakulu amawalemekeza. Zimenezi amadziwa ndi eni dera.

Mitsinje nayo imasintha. Mitengo ikadulidwa kuphiri, kapena moto ukalusa m'chilimwe, mvula imakokolola dothi ndipo mchenga umadzaza ngalande. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anagumula mbali ina ya damu la Kapichira pamtsinje wa Shire, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunativuta kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy anatsitsa miyala ndi matope kuchokera kuphiri lathu lino, ndipo ambiri a inu mukukumbuka chisoni cha masiku amenewo. Akuluakulu amati madzi saiwala khwawa. Gogo amene anaona pomwe madzi anadutsa kalekale ali ndi umboni umene kampani iyenera kuumva isanapatsidwe zaka zina.

Kutsidya kwa nyanja kuli nkhani yosonyeza kulemera kwa nthawi yopemphanso chilolezo. Ku America, mtsinje wa Klamath umayenda kuchokera ku Oregon kupita ku California, ndipo unali ndi madamu a magetsi omwe anatsekera njira nsomba zotchedwa salmon, zimene zimakwera mtsinje kukaikira mazira. Mitundu ya eni nthaka monga Yurok ndi Karuk imadalira nsombazi kuyambira makolo awo. Mu 2002 nsomba zikwizikwi zinafa mumtsinjemo. Layisensi ya madamuwo, yomwe inali ya zaka 50, inatha mu 2006, ndipo anthu aja anapita kumisonkhano, analemba makalata, anachita zionetsero zaka ndi zaka. Kampani ya madamuwo inaona kuti kumangira nsomba njira zodutsira kukanadya ndalama zambiri. Mapeto ake madamu anayi anagumulidwa mu 2023 ndi 2024, ndipo m'chaka cha 2024 chomwecho salmon zinaonekanso kumtunda komwe zinasowako zaka zoposa 100.

Musaganize kuti ndikuti madamu ndi oipa. Ife kuno magetsi tikuwafuna kwambiri, nyumba zambiri za kumudzi zikadali mumdima, ndipo gawo lalikulu la magetsi a dziko lino limachokera pa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Kugumula damu n'kosowa. Kawirikawiri chilolezo chimaperekedwanso, koma chili ndi mfundo zatsopano: siyani madzi ochuluka chakuti, konzani mlatho, dzalani mitengo m'mbali mwa mtsinje.

Ndipotu anthu a ku Mulanje kulankhula amadziwa. Pamene Blantyre Water Board inkafuna kutenga madzi a Likhubula kupita nawo ku Blantyre, anthu a kuno anadzuka n'kunena kuti madzi asatengedwe phiri lisanabwezeretsedwe mitengo. Panali mkangano, panali misonkhano, ndipo nkhani yodzala mitengo inalowa m'zokambirana. Ntchito imeneyo inali ya madzi akumwa, osati magetsi, koma funso linali lomwelo: wotenga zamumtsinje abwezapo chiyani?

Misonkhano yotere imayamba ndi uthenga kwa mfumu. Amfumu amaitana anthu pabwalo, pamabwera a komiti ya chitukuko ya m'mudzi, khansala, a kampani ndi a ku khonsolo ya pa Boma, komwe kuli ofesi ya bwanamkubwa. Zolankhulidwa zimalembedwa. Chimene chimandiwawa ine n'chakuti malipoti a kafukufuku nthawi zambiri amakhala mabuku onenepa a m'Chingerezi cha akatswiri, ndipo pabwalo kawirikawiri amalankhula ndi abambo okhala kutsogolo, pomwe amayi, amene amapita kumtsinje tsiku lililonse, ali chete kumbuyo. Kuwerenga maina a obwera kumsonkhano si kumva anthu. Zolembedwazo ziyenera kufotokozedwa m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, ndipo aliyense wofunsa ayankhidwe.

Nanga inu ana mbali yanu ndi iti? Zilolezo zimenezi zimatenga zaka zambiri, ndiye zina zomwe zikugwira ntchito lero zidzatha inu muli akuluakulu, ena muli mafumu, aphunzitsi kapena mainjiniya. Ngakhale panopa pali chimene mungachite. Pemphani aphunzitsi kapena kalabu ya zachilengedwe ya pasukulu panu kuti musankhe mwala umodzi waukulu m'mbali mwa mtsinje wa kwanu. Kamodzi pamwezi, muli ndi munthu wamkulu, mukaone pomwe madzi akulekezera, ngati ndi oyera kapena amatope, ndi zamoyo zomwe mwaziona, n'kulemba m'kope ndi tsiku lake. Mvula ikamagwa kuphiri musayandikire mtsinje, chifukwa umatha kudzaza mwadzidzidzi kumunsi kuli dzuwa, ndipo pangalande kapena pampaipi wa magetsi si posewerera. Funsaninso agogo kuti madzi ankafika pati iwo ali ana, mulembe.

Mukamva kuti amfumu aitanitsa msonkhano wa zamtsinje, apatseni amayi kapena amalume mafunso oti akafunse: Mu Okutobala mudzasiya madzi ochuluka bwanji mumtsinje, ndipo adzayeza ndani? Magetsiwa midzi yathu idzalandirako? Chilolezo chanu chidzatha chaka chanji? Zikalakwika tikadandaule ku ofesi iti? Mayankhowo muwalembe m'kope lomwe lija, pamodzi ndi tsiku la msonkhano ndi dzina la bungwe lomwe layankha.